Kawerengedwe ka matabwa omangira khoma logawa chipinda

Nyumba zambiri kwathu kuno ndi za njerwa, koma khoma la matabwa silisowa ntchito. Mwini shopu akafuna kupatula kachipinda kosungiramo katundu, kapena ofesi ikafuna kugawa chipinda chachikulu kuti anthu awiri azigwira ntchito mosasokonezana, kapenanso mwini nyumba ya lendi akakana kuti m'nyumba mwake mumangidwe khoma la njerwa, chimene chimamangidwa ndi felemu ya matabwa yokutidwa ndi mabolodi a plywood mbali zonse ziwiri. Ntchitoyi imatha msanga ndipo siidetsa m'nyumba ngati ya simenti, koma imaima pakati pamene matabwa aperewera, ndipo thabwa limodzi loiwalika limadya ndalama ya ulendo wachiwiri wa kumsika pamodzi ndi tsiku la kalipentala amene wakhala pansi kudikira.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi kuwonkhetsa mamita onse a matabwa ofunika, kenako n'kugawa ndi kutalika kwa thabwa limodzi. Masamu amenewo amaoneka olondola papepala, koma macheka sadula choncho. Matabwa amawerengedwa chidutswa ndi chidutswa, ndipo chidutswa chilichonse chiyenera kupatsidwa malo ake m'thabwa limene wogulitsa ali nalo. Malangizo otsatirawa ayenda ndi chitsanzo chimodzi kuyambira poyeza mpaka pogula: khoma lotalika mamita 4.8 m'litali, mamita 2.7 kuchokera pansi kufika ku siling'i, lokhala ndi khomo limodzi, ndipo losanyamula denga.

Poyamba: dziwani ngati khomalo linyamula katundu

Khoma logawa chipinda limangonyamula kulemera kwake ndi kwa chitseko. Khoma limene pakhazikike denga, thanki ya madzi kapena chipinda cha pamwamba ndi nkhani ina: limafuna matabwa awiri ogonekedwa pamwamba, mitanda yokhuthala pa makomo ndi pa mazenera, ndiponso matabwa opendekera olimbitsa khoma kuti lisakankhidwe ndi mphepo. Kukula kwa zimenezi aziwerengere ndi injiniya kapena wojambula mapulani. Zimene zili m'munsimu n'za khoma la m'kati losanyamula kanthu.

Chachiwiri: yezani chipinda, mabolodi ndi matabwa

Yezani kutalika kwa khoma pansi ndi pamwamba, chifukwa makoma a njerwa saima mowongoka nthawi zonse, ndipo mutenge muyeso waukuluwo. Kuchokera pansi kufika ku siling'i yezani malo atatu, kumapeto konse kuwiri ndi pakati. Pansi pa simenti pamene anasalaza ndi manja pamatha kusiyana ndi mamilimita 10 kapena 20 kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, ndipo thabwa lodulidwa lalifupi silitalikanso. Lembani miyeso yonse m'mamilimita, kuti musasakanize mamita, masentimita ndi mainchesi papepala limodzi.

Musanalembe nambala ina iliyonse, pitani ndi tepi kumene mukagule katundu. Bolodi la plywood lodziwika kwambiri ndi la mamilimita 1220 m'lifupi ndi 2440 m'litali, lomwe ndi mafiti 4 ndi mafiti 8, koma alipo mabolodi ena a 1200 ndi 2400. Matabwa a paini, monga ochokera ku Chikangawa m'mapiri a Viphya, amagulitsidwa kawirikawiri ali otalika mafiti 18, omwe ndi mamilimita 5486, koma ena amakhala aafupi kuposa pamenepo. Kukhuthala nakonso kuyezedwe. Thabwa limene wogulitsa akulitcha 2x4, kutanthauza mainchesi 2 ndi 4, liyenera kukhala mamilimita 50 ndi 100, koma matabwa ochekedwa ndi manja kapena ndi makina ang'onoang'ono a m'nkhalango amasiyanasiyana, ndipo akapalidwa amachepanso.

Chenjerani ndi mapulogalamu a pa intaneti owerengera matabwa. Ambiri analembedwera ku America ndi ku Canada, kumene nyumba zambiri ndi za felemu ya matabwa, ndipo kumeneko 2x4 imagulitsidwa yowumitsa ndi yopala kale, ya mamilimita 38 ndi 89. Chiwerengero cha matabwa oimirira chimene mapulogalamuwo angakupatseni chikhoza kukhala cholondola, koma miyeso yodulira idzakhala yolakwika pa matabwa athu a mamilimita 50.

M'chitsanzo chathu tigwiritsa ntchito 2x4 ya mamilimita 50 ndi 100, yotalika mafiti 18, ndi mabolodi a 1220 ndi 2440.

Chachitatu: jambulani felemu yonse

Tengani pepala mujambule khomalo ngati mukuliyang'ana chamaso. Pansi pagona thabwa limodzi, pamwamba pagona lina, pakati pawo paimirira matabwa motalikirana mofanana, ndipo m'mipata yawo muli timatabwa topingasa. Amene anaonapo nyumba yomata isanamatidwe azindikira msanga, chifukwa matabwa oimirira akugwira ntchito ya nsichi, ndipo timatabwa topingasa tikugwira ntchito ya mbaliro. Ikani khomo pamalo ake enieni. Chitseko chofala m'dera lino ndi cha mamilimita 813 ndi 2032, ndipo mukawonjezera felemu yake ndi kampata kowongolera, mpata wosiya m'khoma umakhala pafupifupi mamilimita 900 m'lifupi ndi 2100 kupita m'mwamba. Ngati felemu ya chitseko munagula kale, yezani imeneyo m'malo modalira nambala izi.

Chachinayi: sankhani kutalikirana kwa matabwa oimirira

Apa ndi pamene pagona chiwerengero chonse, ndipo wolamula ndi bolodi, osati diso la mmisiri. M'mphepete mwa bolodi lililonse muyenera kugwera pakati penipeni pa thabwa loimirira, kuti mabolodi awiri oyandikana akhomeredwe pa thabwa limodzi, lililonse theka lake. N'chifukwa chake kutalikirana kumayezedwa kuchokera pakati pa thabwa kufika pakati pa linzake, ndipo kuyenera kugawa m'lifupi mwa bolodi popanda chotsala. Bolodi la 1220 likagawidwa patatu limapereka mamilimita pafupifupi 406, omwe ndi mainchesi 16, ndipo likagawidwa pawiri limapereka 610, omwe ndi mainchesi 24. Bolodi la 1200 limapereka 400 kapena 600. Matepi ambiri ali ndi chizindikiro chofiira pa mainchesi 16, 32, 48 ndi kupitirira, chifukwa cha ntchito yomweyi.

Bolodi likakhala lopyapyala, la mamilimita 6 kutsika m'munsi, sankhani 406, chifukwa pa 610 khomalo limalowa m'kati munthu akalitsamira ndipo limaoneka ngati mafunde likapakidwa penti wonyezimira. Bolodi la mamilimita 12 limapirira 610 bwinobwino. Ine ndimalangiza 406 paliponse pamene padzapachikidwe mashelefu a katundu, ngakhale bolodi likhale lokhuthala, popeza matabwa owonjezera, omwe pa khoma lathu ndi anayi okha, ndi otsika mtengo kuyerekeza ndi kuphwasula khoma lokutidwa kale.

Kuti mupeze chiwerengero, gawani kutalika kwa khoma ndi kutalikirana kumene mwasankha, yankho likakhala ndi chotsala mulikweze kufika pa nambala yathunthu yotsatira, kenako muwonjezere thabwa limodzi. Limodzilo ndi loyambira, chifukwa kugawako kumawerenga mipata, ndipo mipata 12 imatsekedwa ndi matabwa 13. Pa khoma lathu, 4800 kugawa ndi 406 ndi 11.8, tikakweza ndi 12, tikawonjezera limodzi ndi 13. Tikanasankha 610 tikanapeza matabwa 9.

Podzalemba zizindikiro pa thabwa la pansi, musamayeze 406 mobwerezabwereza kuchokera pa chizindikiro chapitacho, chifukwa 406 katatu ndi 1218, osati 1220, ndipo mamilimita otsalirawo amaunjikana mpaka bolodi lachinayi n'kuphonya pakati pa thabwa. Lembani kaye 1220, 2440 ndi 3660 kuchokera kumapeto amodzi, kenako mugawe mpata uliwonse patatu.

Kutalika kwa thabwa loimirira ndi kutalika kwa chipinda kuchotsapo kukhuthala kwa thabwa la pansi ndi la pamwamba: 2700 kuchotsa 50 ndi 50 kutsala 2600.

Chachisanu: khomo, ngodya ndi pokumana makoma

Mpata wa khomo umameza malo a matabwa oimirira awiri nthawi zambiri, ndipo munthu amayesedwa kuwachotsa pa chiwerengero. Musawachotse. Khomo limafuna thabwa lathunthu mbali iliyonse, lochokera pansi kufika pamwamba, ndipo awiri omezedwa aja amangosamukira pamenepo. Chiwerengero cha matabwa athunthu chimakhalabe 13. Zowonjezera ndi izi: matabwa awiri aafupi okhomeredwa m'kati mwa athunthuwo kuti achirikize mtanda, lililonse mamilimita 2050 popeza limaima pa thabwa la pansi, mtanda wa pamwamba pa khomo, wa mamilimita 1000, omwe ndi mpata wa 900 kuphatikiza 50 mbali iliyonse pamene ukhazikike, ndi timatabwa tiwiri toimirira pamwamba pa mtandawo, kalikonse mamilimita 500, togwira bolodi la pamwamba pa khomo. Amisiri ena amasiya thabwa limodzi lokha mbali iliyonse ya khomo pofuna kupulumutsa ndalama, koma chitseko chimamenyetsedwa tsiku ndi tsiku, ndipo pakapita miyezi felemu imayamba kugwedera ndipo loko sagwira.

Zenera limawerengedwa chimodzimodzi, kungowonjezera thabwa logona la pansi pa zenera ndi timatabwa tolichirikiza.

Khoma lathu ndi lowongoka ndipo likuthera pa makoma a njerwa mbali zonse, choncho lilibe ngodya. Lanu likakhala lokhota, werengani mbali iliyonse payokha, kenako muwonjezere thabwa limodzi pa ngodya iliyonse kuti pakhale matabwa atatu, chifukwa popanda lachitatulo bolodi la m'kati mwa ngodya limasowa pokhomera. Pamene khoma lina likudzagunda pakati pa linzake wonjezerani awiri. Kukwaniritsa ziwirizi n'kosavuta pojambula, koma n'zimene zimaiwalika kwambiri pogula.

Chachisanu ndi chimodzi: timatabwa topingasa

Timatabwa iti timaletsa matabwa oimirira kupindika pamene akuuma, ndipo timapatsa bolodi pokhomera. Kalikonse ndi kutalikirana kuchotsa kukhuthala kwa thabwa, 406 kuchotsa 50, kutsala 356. Mzere umodzi umafunika chapakati pa khoma, ndipo pa khoma lathu mzerewu uli ndi timatabwa pafupifupi 10, popeza pa khomo sipadutsa kanthu. Mzere wachiwiri ukubwera chifukwa cha kutalika kwa chipinda: bolodi loimiritsidwa limathera pa 2440, khoma likufika pa 2700, ndiye kachidutswa ka mamilimita 260 kayenera kulumikizidwa pamwamba, ndipo polumikizirapo pafunika thabwa kumbuyo. Mzere umenewu uli ndi timatabwa 12. Tonse pamodzi ndi 22.

Ngati chipindacho sichifuna kubisa mawu, monga kachipinda kosungiramo katundu m'shopu, mukhoza kuthetsa khoma pa 2440 n'kusiya mpata wa mpweya pamwamba. Mukatero mzere wachiwiri ndi tizidutswa ta bolodi tija sizifunikanso, koma pamwamba pa khoma payenera kumangiriridwa zolimba ku makoma a m'mbali.

Yang'ananinso kumene thabwa la pamwamba lidzakhomeredwe. Siling'i payokha siigwira msomali. Khoma likadutsa mopingasa matabwa onyamula siling'i, mukhomera pa amenewo, koma likayenda motsatana nawo n'kugwera pampata, mufunika tizidutswa tina tokhomera kumtunda kwa siling'i, ndipo timeneto tilowe pa mndandanda.

Chachisanu ndi chiwiri: patsani chidutswa chilichonse malo ake m'thabwa

Tsopano jambulani mizere yaitali papepala, mzere uliwonse kuimira thabwa limodzi la mamilimita 5486, ndipo muyambe kuikamo zidutswa zazitali, zazifupi pambuyo. Kumbukirani kuti macheka amadya mamilimita pafupifupi 3 pa kudula kulikonse.

Thabwa la pamwamba, la 4800, likutenga thabwa limodzi n'kutsala 686. La pansi likutenganso limodzi n'kutsala 686. Zotsala ziwirizi zikupereka timatabwa ta 500 ta pamwamba pa mtanda. Thabwa la pansi ligonekedwe lathunthu, kudutsa ngakhale pa khomo, kuti khoma liwongoke, ndipo felemu ikaima mudzadule mamilimita 900 a pakhomo, amene adzapereke timatabwa topingasa tiwiri.

Matabwa oimirira a 2600 amatuluka awiri m'thabwa limodzi, n'kutsala 286. Kachidutswa ka 286 n'kakafupi kuposa 356, choncho musakawerengere kuti kadzakhala kopingasa. Ntchito yake ndi kukupatsani danga lodula kumapeto kong'aluka. Matabwa 13 akufuna matabwa aatali 7, ndipo lachisanu ndi chiwirilo likupereka limodzi lokha n'kutsala 2886, mmene mutuluke timatabwa topingasa 7 mosapanikiza. Ochirikiza mtanda awiri, 4100 pamodzi, akutenga thabwa limodzi n'kutsala 1386, mmene mutuluke mtanda wa 1000 ndi kathabwa kopingasa kamodzi. Timatabwa topingasa tapezeka kale 10 kuchokera m'zotsala, ndipo 12 totsalato, mamilimita 4272, tikutenga thabwa limodzi. Kuwonkhetsa: 2 ogona, 7 oimirira, 1 la pakhomo ndi 1 la topingasa, onse pamodzi matabwa 11.

Onani tsopano chimene chingachitike wogulitsa akakhala ndi matabwa a mafiti 16 okha, omwe ndi mamilimita 4877. Zidutswa zonse za khoma lathu zikawonkhetsedwa ndi mamita pafupifupi 57, ndipo wogawa 57 ndi 4.877 angapeze matabwa 12 n'kupita kukagula. Koma m'thabwa la 4877 simutuluka zidutswa ziwiri za 2600. Mumatuluka chimodzi n'kutsala 2277. Matabwa oimirira okha atenga 13, ogona atenga 2, ndipo ngakhale zidutswa zina zonse zituluka m'zotsala, chiwerengero chenicheni ndi 15, ndipo zotsala zisanu ndi chimodzi zoposa mamita awiri chilichonse zingokhala pansi. Kusiyana kwa mafiti awiri okha pa kutalika kwa thabwa kwasintha matabwa 11 kukhala 15. Pa chifukwa chimenechi, thabwa lalifupi lotsika mtengo likhoza kukudyerani ndalama zambiri kuposa lalitali, ndipo mitengo iyenera kufananizidwa pambuyo pa mndandanda wodulira, osati poyamba.

Chachisanu ndi chitatu: wonjezerani za zowonongeka

Pa chiwerengero chimene mwapeza wonjezerani 10 mpaka 15 pa 100 alionse. Pa matabwa 11 zimenezi zikutanthauza kugula 12 ngati matabwa ndi ouma ndipo mwawasankha nokha limodzilimodzi, kapena 13 ngati ndi aawisi kapena akutumizidwa musanawaone. Owonjezerawa amalowa m'malo mwa thabwa lodulidwa molakwika, lothyoka pa mfundo, kapena lopindika likamauma.

Ogulitsa ena amakhala ndi 2x6 yambiri kuposa miyeso ina. Khoma logawa chipinda limatheka ndi 2x3, ndipo 2x6 imodzi ikang'ambidwa pakati ndi makina imapereka ziwiri, choncho matabwa aatali 13 ogula aja angatuluke mu 2x6 zokwana 7. Werengerani ndalama yong'ambitsa, ndipo dziwani kuti thabwa laliwisi likang'ambidwa nthawi zina limapindika pomwepo. Amene akugula pa kiyubiki mita achulukitse miyeso itatu m'mamita: 0.05 ndi 0.1 ndi 5.486 zikupereka 0.0274, kutanthauza kuti kiyubiki mita imodzi ili ndi matabwa otere pafupifupi 36, ndipo matabwa 13 ndi pafupifupi 0.36.

Mabolodi, misomali ndi mankhwala

Mbali imodzi ya khoma ikufuna mabolodi 4, popeza 4800 kugawa ndi 1220 ndi 3.9, ndipo mbali ziwiri ndi 8. Tizidutswa ta 260 ta pamwamba tikufuna mamita 9.6 mbali zonse ziwiri, ndipo bolodi limodzi likadulidwa m'litali limapereka tizidutswa 4 ta 2440, tokwana mamita 9.76. Gulani mabolodi 9, ndipo zodulidwa pa khomo zikhale zosungira.

Felemu ya matabwa a mamilimita 50 imakhomedwa ndi misomali ya mainchesi 4, iwiri paliponse pamene matabwa akumana. Matabwa oimirira 13 akufuna 52, topingasa 22 tikufuna 88, ndipo za pakhomo zikufuna pafupifupi 30, zonse pamodzi 170. Misomali ya kukula uku imakhala pakati pa 80 ndi 100 pa kilogalamu malinga ndi kunenepa kwake, choncho makilogalamu 3 akwanira pamodzi ndi yopindika. Thabwa la pansi ndi oimirira awiri a kumapeto amangiriridwe ku simenti ndi ku njerwa ndi mabawuti a m'khoma kapena misomali ya konkire, motalikirana mamilimita 600, ndipo mbali iliyonse ya khomo pakhale chomangira chake.

Paini alibe mphamvu yolimbana ndi chiswe. Ngati matabwa sanathiridwe mankhwala ku fakitale, pakani mankhwala oteteza matabwa pa chidutswa chilichonse mukatha kudula, makamaka kumapeto kumene macheka adutsa, ndipo pansi pa thabwa logona pa simenti muyale pepala lakuda la pulasitiki lotchinga chinyezi.

Pa tsiku logula, tengani tepi ndi mndandanda wanu. Kwezani thabwa lililonse kumapeto amodzi, mutsinzine diso limodzi ndi kuyang'ana m'mphepete mwake mpaka kumapeto enawo: lokhota ngati uta kapena lopotoka libwezeni pa mulu, chimodzimodzi lokhala ndi mfundo yaikulu yakuda yogwedera kapena khungwa m'mphepete. Yezani kutalika kwa gawo labwino, kusiya kumapeto kong'aluka, chifukwa matabwa opereka oimirira awiri ayenera kukhala ndi mamilimita 5200 abwino, ndipo ogona ayenera kukhala ndi 4800. Thabwa lolemera kwambiri ndi lozizira m'manja ndi laliwisi. Mukafika nawo, asanjeni pamthunzi pamalo osalala, mokweza kuchoka pansi, ndi timitengo topingasa pakati pa mizere kuti mpweya uzidutsa. Owongoka kwambiri atatu muwalembe chizindikiro ndi pensulo: awiri akhale ogona, ndipo lachitatu lipereke matabwa athunthu a m'mbali mwa khomo.